Dzina Lobwereka la Adija

Chifuwa cha Adija chinayamba ndi mphepo ya mwezi wa Juni, chaka cha 1986. Mphepo inatha, kutentha kunabwera, anthu anayamba kusosa m'minda, koma chifuwacho chinali chikhalirebe. Pofika Okotobala, ndikangomva kutsokomola kuseri kwa mpanda ndinkadziwiratu kuti anjira anga afika.

Ine ndine Millicent Namaona. Nthawi imeneyo amuna anga, a Yotam, anali kalaliki pa ofesi ina ku Domasi, ndipo tinkakhala m'nyumba ya kuntchito ndi mwana wathu Victoria, wa zaka zitatu. Adija Ramadhani ankakhala kumudzi, kutsidya kwa mtsinje, kumene iwo ndi amuna awo, Che Aufi, ankalima mpunga. Iwo anali Asilamu, ine wa Mvano. Koma chinjira sichifunsa mpingo. Mkazi ukasankha mnzako kuti akhale anjira ako, ndiye kuti chako ndi chake, maliro ako ndi ake, ndipo chinsinsi chako amachisunga kuposa mchemwali wako wa bere limodzi.

Tinali ndi mbale imodzi yachitsulo, yoyera, ya mlomo wabuluu. Lachisanu lililonse masana Adija ankabwera nayo ataikulunga pansalu, muli mpunga, mtedza kapena therere louma. Ine ndinkaibweza ndi shuga, sopo kapena mchere. Mbale imeneyo siinkayenda yopanda kanthu.

Lachisanu lina anakhala pakhonde, ananyamula Victoria pamiyendo monga mwa nthawi zonse, kenaka anatsokomola mpaka misozi.

“Anjira,” ndinatero, “chitenje chimenechi kale chinkakukwanani bwinobwino. Lero chikukuzungulirani kawiri.”

“Ndi ntchito ya kudimba, anjira.”

“Dimba lake liti lotsokomoletsa munthu miyezi inayi? Kuchipatala mwapitako?”

Anapukusa mutu. “Cholipira chija sitingachithe, Che Aufi alibe poyambira. Cha boma nacho, anthu akuti umaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, n'kukupatsa asipirini awiri. Chaulere chingakhale ndi mankhwala enieni ngati?”

Ine ndinavomereza, chifukwa nanenso ndinkaganiza chimodzimodzi. Chikwatiwire ndinali ndisanapondeko kuchipatala cha boma. Ndinali ndi khadi lachikasu la kuntchito kwa a Yotam. Ukalionetsa kuchipatala cholipira ankakulandira bwino, ndipo ndalama zake ankalipira ndi a ofesi. Khadi limenelo ndinkalisunga m'buku la nyimbo, ndipo ndisabise, ndinkanyada nalo ngati ndinalilembera mayeso.

Ndinalowa m'nyumba, ndinaliika m'mbale, pamwamba pake shuga, n'kukulunga.

“Mukafika kumeneko mukanene kuti ndinu Millicent Namaona,” ndinatero.

Adija anaseka mpaka chifuwa chinawagwiranso. “Ine Msilamu ndikhale Millicent?”

“Kwa tsiku limodzi lokha. Mulungu adzamvetsa.”

“Nanga bambo a Victoria?”

“Iwo aja amadziwa mapepala a ku ofesi. Za m'buku langa la nyimbo sazidziwa.”

Ndinawaperekeza mpaka pamlatho, mtima uli mbee, ndikudziona ngati munthu wanzeru kwambiri m'Domasi monse. Ndinaiwala kuti nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Patapita masiku atatu mbale inabwera, koma anaibweretsa ndi Che Aufi. Munali mtedza, khadi langa lili pansi pake. Che Aufi anakana kukhala pansi.

“Anjira ali kuti?” ndinafunsa.

“Apita kwa amayi awo, kupitirira ku Malosa. Akuti akapumeko.”

“Kuchipatala anati bwanji?”

“Anawapatsa mankhwala akumwa a m'botolo,” anayankha akuyang'ana matayala a njinga yawo, basi n'kumapita.

Lachisanu linafika, Adija osabwera. Linafika lina, zii. Ndinadzaza mbale ija ndi shuga, ndinaikulunga, n'kuiika pamwamba pa kabati, ndipo inakhala pamenepo. Masana ndinkayala mkeka pakhonde ngati kale, kenaka n'kuupindanso. Wina akatsokomola pamsewu ndinkathamangira kumpanda, n'kupeza ndi munthu wongodutsa. Kumsika maso anga ankatsatira mpango uliwonse wobiriwira ngati wa Adija. Victoria ankandifunsa tsiku ndi tsiku, “Amama, anjira abwera liti?”

Ndinawasowa Adija kuposa mmene ndinawasowera amayi anga chaka chimene ndinakwatiwa. Kunyumba za kuntchito kunali akazi ambiri, koma macheza ake anali a nsalu zatsopano ndi za amene amuna awo akwezedwa. Ndi Adija okha amene ndinkatha kukhala nawo ola lathunthu tikusankha mpunga, osalankhula, koma n'kusiyana titakhuta macheza. Ndinayamba kudzifunsa ngati ndinawalakwira, kapena ngati khadi lija linawaonetsa umphawi wawo. Za matenda ndinkadzitonthoza kuti anamwa mankhwala a m'botolo, a kolipira, ndiye kuti akuchira.

Loweruka lina masana, patatha milungu itatu, njinga inaima pakhomo. Anali bambo Stephano, mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu, amene ankayesa ana kusikelo ndi kuyendera zitsime. Anandipeza nditasenza ndowa yodzaza, nkhuni zili m'khwapa.

“Ndikufuna mayi Millicent Namaona,” anatero.

“Ndine amene.”

Anayang'ana pepala limene linali m'manja mwawo, anandiyang'ana ine, anayang'ananso pepala.

“Mayi, pepala ili likunena za munthu wowonda, wotsokomola miyezi inayi. Inu mukuoneka kuti mukhoza kundinyamula ine ndi njinga yomwe.”

A Yotam anatuluka m'nyumba ali ndi nyuzi m'manja. Titapatsana moni n'kukhala pansi, bambo Stephano anafotokoza. Anati Millicent Namaona anasiya makhololo kuchipatala cholipira chija kuti awayeze, ndipo anauzidwa kuti abwererenso pakatha mlungu umodzi. Sanabwerere. Makhololowo anapezeka ndi chifuwa chachikulu, chija amati TB. A chipatala anapereka dzinalo kwa a zaumoyo kuti amufunefune munthuyo ayambe mankhwala msanga.

Nyuzi inagwa pansi. A Yotam anandigwira dzanja, chinthu chimene sankachita pamaso pa alendo.

“Mayi a Victoria, mukudwala chonchi bwanji osandiuza?”

Akanandikalipira mwina ndikanalimba mtima n'kupitiriza bodza. Koma dzanja lija linandifooketsa. Ndinaulula zonse, za Adija, za khadi, za mbale.

Dzanja linachoka. “Mukuti chiyani? Khadi la kuntchito? Mukufuna andichotse ntchito? Tikadya chinjira chanucho?”

“Bambo Namaona,” anatero bambo Stephano mofatsa, “cholakwa n'cholakwa, ndipo za khadi mukazikonze ndi a kuntchito kwanu. Ine ndabwerera munthu wodwala. Milungu iwiri yatha mankhwala ake akumudikira, ife tikufunafuna dzina la munthu wabwinobwino.”

Koma a Yotam anali atatentha kale. “Khadi limenelo ndi la ife ogwira ntchito. Amandidula pamalipiro mwezi ndi mwezi. Aliyense adye thukuta lake. Kodi dziko lonse lingachizidwe ulere? Ndiye chifukwa chake kwaulereko kumangokhala mzere ndi asipirini.”

“Munapitako liti komaliza?” anafunsa bambo Stephano.

A Yotam anakanda kumutu. “Ndimamva anthu.”

“Nanenso ndimawamva. Mzere ulipo, sindikunamizani. Masiku ena mankhwala ena amachedwa kufika, ndipo zimenezo ifenso zimatiwawa. Koma mankhwala a chifuwa chachikulu alipo, ndi amphamvu, ndipo kuchipatala cha boma salipiritsa munthu. Safunsa kuti mumagwira ntchito kuti. Komanso musamati ndi chaulere ngati masuku a m'phiri. Msonkho umene inu mumadula, Che Aufi nawonso amadula. Chipatala chimenecho ndi chanu nonse, kalaliki ndi mlimi yemwe.”

“Komabe wolipira ndi wosalipira sangafanane.”

“Pabedi ndi pamzere mwina sangafanane. Koma ndikufunseni. Mayi odwalawa akabwera kuno amakhala pati?”

“Pakhonde pompano,” ndinayankha ine.

“Mwanayu amamunyamula?”

Tonse tinatembenukira kwa Victoria, amene ankaumba dothi pafupi ndi mpanda.

“Chifuwa chachikulu chimayenda ndi mpweya,” anapitiriza bambo Stephano. “Sichifunsa khadi. Inu mukhoza kukhala ndi makhadi khumi, koma ngati mnansi wanu sakulandira mankhwala, nanunso simuli otetezedwa. Mumakwera basi imodzi, mumagula pamsika umodzi. Ndiye chifukwa chake chithandizo chiyenera kufikira aliyense. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, bambo Namaona. Mwanayu mupite naye akamuone, ndipo wina aliyense wa m'nyumba muno akayamba kutsokomola asazengereze.”

A Yotam anatola nyuzi yawo, anaipinda kanayi. Kenaka anati, “Mayi a Victoria, mawa musapite kutchalitchi. Mukawapeze anzanuwo.”

M'mawa mwake ndinatsitsa mbale ija pakabati. Ine ndi bambo Stephano tinadzera kwa Che Aufi, ndipo atamva nkhani yonse sanachedwe, anatseka chitseko n'kutitsogolera. Tinatsika basi kupitirira ku Malosa, tinayenda wapansi kulowera kuphiri, dzuwa likuswa mtengo.

Tinawapeza Adija atagona pamkeka pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa nyumba ya amayi awo. Ndikanakumana nawo pamsewu sindikanawazindikira. Masaya anali atalowa, mikono ngati bango. Mpango wobiriwira wokha ndi umene unali womwe uja.

“Anjira,” anatero ndi mawu a pansipansi, “mwabwereranji? Ndakuchititsani manyazi.”

Ndinagwada pamkekapo. “Mwandithawiranji, anjira? Ndinakulakwirani chiyani?”

“Simunandilakwire. Tsiku lija, kalaliki wa pachipatala atawerenga khadi anati, ‘A Namaona a ku ofesi aja? Ndimawadziwa, mukawapatse moni.’ Atandiuza kuti ndibwerenso, ndinadziwa kuti ulendo wachiwiri andigwira. Ndinati bola ndife ndi chifuwa changa kusiyana n'kuti bambo a Victoria achotsedwe ntchito chifukwa cha ine. Ndipo ndikanakhala kwathu, inu mukanandikakamiza kubwerera. Ndimakudziwani.”

Ndinalira ngati mwana. Ine ndinkati ndawapatsa chithandizo, chikhalirecho ndinawapatsa mantha. Dzina langa ndi limene linawatsekera chitseko cha chipatala, ndipo ankafa mwakachetechete pofuna kuteteza banja langa.

Bambo Stephano anadikira mpaka nditapukuta misozi, kenaka anakhala pachitsa n'kulankhula ndi Adija.

“Mayi, matenda anu apezeka. Ndi chifuwa chachikulu, ndipo chimachizika. Mupite kuchipatala chachikulu cha boma ku Zomba. Mukagonako miyezi iwiri mukulandira jakisoni ndi mapilitsi. Mukatuluka mudzapitiriza mapilitsi kunyumba miyezi isanu ndi umodzi. Osalekeza panjira, ngakhale mutamva bwino, chifukwa chikabwerera chimabwera ndi ukali.”

“Ndilibe khadi,” anatero Adija.

“Akakupatsani lanu.”

“Ndalama tilibe.”

“Sakakufunsani.”

Adija anayang'ana amuna awo. “Miyezi iwiri? Mvula ili pafupi. Mpunga adzawokera ndani?”

“Mpunga ndi wa chaka chilichonse,” anatero Che Aufi. “Ndidzawokera ndekha. Ukachepa uchepe.”

Ndinamasula nsalu n'kuwaikira mbale ija pamiyendo. Shuga anali ataundana chifukwa chokhalitsa.

“Mbale yanu iyi,” ndinatero. “Yatopa kukhala pakabati. Ndikufuna mudzandibwezere nokha, ndi miyendo yanu.”

Adija anaigwira m'mlomo mwake mwabuluu muja, anaisisita ndi chala. “Tipite,” anatero.

Lolemba tinafika ku Zomba ndi kalata ya bambo Stephano. Mzere unalipodi, wautali, wokhota mpaka panja. Munali alimi, amayi a ana kumbuyo, mphunzitsi wa taye, ngakhale msilikali. Tinaima, tinakhala pansi, tinaimanso. Titafika pawindo, kalaliki anatenga khadi latsopano osatiyang'ana n'komwe.

“Dzina?”

Adija anatembenukira kwa ine. Ine ndinatseka pakamwa panga zolimba, poti panali patalakwa kale kokwanira.

“Adija Ramadhani.”

“Kwezani mawu, mayi.”

“Adija Ramadhani, wa kwa Malemia!”

Analemba, anadinda, anawapatsa. Sanafunse za ntchito ya amuna awo, sanatambasule dzanja. Adija sankadziwa kuwerenga, koma anayang'ana khadilo nthawi yaitali, kenaka anandifunsa kuti ndiwaonetse pamene panali dzina lawo.

Miyezi iwiri ija inali yaitali. Tsopano Lachisanu woyenda ndi mbale ndinali ine, ulendo wa ku Zomba, muli nthochi, mazira owiritsa kapena usipa. Adija ankadandaula kuti jakisoni wawatha matako, ndipo ankasowa kwawo mpaka kundifunsa ngati madzi afika kale m'minda ya mpunga, ngati achule ayamba kulira kudambo. Koma mlungu ndi mlungu chifuwa chinkachepa. Tsiku lina anandikalipira kuti usipa ndathira mchere wambiri, ndipo ndinadziwa kuti anjira anga akubwerera.

A Yotam anapita okha kwa abwana awo kukaulula za khadi. Anawadzudzula kwambiri n'kuwachenjeza kuti zisadzachitikenso, koma ntchito sinathe. Victoria anakamuona, ndipo anapezeka kuti ali bwino. Che Aufi ndi amayi a Adija nawonso anayezetsa. Adija atatuluka, bambo Stephano ankadzera kwawo pafupipafupi kuona ngati mapilitsi akumwedwa, mpaka Che Aufi anayamba kuwatcha apongozi.

Lachisanu lina la mwezi wa Ogasiti chaka chotsatira, ndili kuchapa kuseri, Victoria anakuwa, “Amama! Anjira!”

Sindinawamve akubwera, chifukwa kunalibe chifuwa chowalengeza. Anali ataima pampanda, mpango wobiriwira kumutu, chitenje chikuwazungulira kamodzi kokha, mbale ili m'manja. Tinakhala pakhonde. Nditamasula nsalu ndinapeza mpunga watsopano wonunkhira, ndipo pamwamba pake panali khadi lawo la kuchipatala, lodindidwa kuti amaliza mankhwala.

A Yotam analitenga, analiwerenga mbali zonse ziwiri monga amachitira makalaliki, n'kunena kuti, “Mayi, ndinalankhula mopusa tsiku lija. Mundikhululukire.”

Adija analilanda mwaulemu n'kulibisa pachifuwa. “Zinatha zimenezo, bambo a Victoria. Koma ili ndi langa. Anjira akalifuna, silibwerekedwa.”

Tinaseka tonse, ine misozi ili m'maso.

Anzanga, nkhani yanga ndi imeneyi, ndipo phunziro lake ndinaligula modula. Chifuwa chikapitirira milungu itatu, pitani kuchipatala mukayezetse. Musanyoze chipatala cha boma chifukwa cha zomva kwa anthu. Ndi chathu tonse, wa pantchito ndi wa kumunda, ndipo chithandizo si cha okhala ndi makhadi a kuntchito okha. Akakuuzani kuti mubwerenso, bwererani. Akakupatsani mankhwala, malizani. Ndipo musabwereke kapena kubwereketsa khadi la kuchipatala, ngakhale kwa munthu amene mumamukonda chotani, chifukwa a zaumoyo amafunafuna wodwala ndi dzina limene analembetsa.

Mnzanu mubwerekeni mchere, khasu kapena chitenje. Akadwala, mugwireni dzanja mupite naye, akanene yekha dzina lake pawindo. Ine ndinabwereketsa langa kwa tsiku limodzi lokha, ndipo ndinatsala pang'ono kukhala ndi mbale yopanda woibwezera.